Kanema wamkulu wa babu kumbuyo akugulitsidwa pa Boma: ndigule kapena ndisiye?

Bambo a Tadala, Kamwendo

Akuluakulu ndi amayi nonse a pagulu pano, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo sabata yathunthu, ndipo ndikupempha nzeru kwa inu amene zipangizo za magetsi mumazidziwa. Bambo wina wa pa Boma, amene akusamukira ku Lilongwe kumapeto kwa mwezi uno, akugulitsa wailesi ya kanema ya mainchesi 65, ya mtundu wakale uja wa chimimba kumbuyo, umene chithunzi chake chimachokera ku babu la m'kati, n'kugunda pa galasi lalikulu, kenaka n'kuonekera pa sikirini. Iwo akuti anaigula kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo, ndipo kutsogolo kwake kwalembedwa kuti DLP ndi 1080p. Ndinakaiona Loweruka madzulo ikuonetsa mpira, ndipo sindibisa, mtima unatengeka, chifukwa manambala a pamsana pa osewera ndinawawerenga ndili chiimire pakhomo, pamene kwathu pa kakanema ka mainchesi 21 timachita kukangana kuti wagoletsa ndani. Mtengo umene akutchula sukufika ngakhale theka la mtengo wa kanema watsopano wa mainchesi 55 amene ndinafunsa ku Lilongwe mwezi watha. Soya ndagulitsa bwino chaka chino, ndipo mayi a Tadala anavomera kale kuti tigule kanema wamkulu, koma anandichenjeza kuti ndisalowetse m'nyumba chinthu choti chizidya ndalama ngati galimoto yotha. Kodi alipo pakati panu amene anakhalapo ndi kanema wotere, ndipo ndiyang'ane chiyani ndisanapereke ndalama?

A Mbewe, okonza mawailesi pa Boma

Bambo a Tadala, mwachita bwino kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Makanema oterewa ndatsegulapo angapo, ndipo choyamba mudziwe kuti ali m'magulu osiyana ngakhale kunja amaoneka ofanana. Akalekale aja, olemera ngati kabati yodzaza mbale, ali ndi machubu atatu pansi, lofiira, lobiriwira ndi labuluu, ndipo zithunzi zitatuzo zimayenera kugwera pamalo amodzi ndendende, moti zikangosemphana pang'ono munthu aliyense pa sikirini amaoneka ndi mzere wofiira m'mbali mwake. Amene mwaonayo si wa gulu limenelo. DLP ndi luso la kampani ya ku America ya Texas Instruments, limene katswiri wawo Larry Hornbeck analitulukira mu 1987. M'kati mwa kanemayo muli kachipangizo kosaposa sitampu ya pa kalata, kokhala ndi timagalasi tosaoneka ndi maso tokwana miliyoni imodzi kapena kuposerapo, ndipo kagalasi kalikonse kamapendekera uku ndi uku kambirimbiri pa sekondi imodzi, mwina kuponya kuwala pa sikirini, mwina kukutayira kumbali. Mitundu imachokera pa kagudumu ka magalasi a mitundumitundu kamene kamazungulira mwaliwiro patsogolo pa babu.

Ndafotokoza zonsezi kuti muone kuti m'bokosimo muli zinthu zimene zimatha ndi nthawi ngakhale mwini wake akhale wosamala chotani, ndizo babu, kagudumu, mafani ndi timagalasi tija. Chimene wogulitsa sangayambe yekha kukuuzani n'chakuti makanema amenewa anasiya kupangidwa. Sony inalengeza kumapeto kwa 2007 kuti ikusiya, makampani ena anatsatira, ndipo Mitsubishi, imene inatsala yokha, inasiya nayonso kumapeto kwa 2012. Choncho kanemayo, ngakhale atakhala wa m'gulu lomaliza kutuluka m'fakitale, anapitirira zaka 10 kalekale.

Mayi a Chikondi, Kapiri

Ine ndiyankhula monga munthu amene anasesa kuseri kwa chinthu chotere zaka zitatu. Bambo a kunyumba anabwera naye kuchokera ku Chipata pa lole ya mtedza, ndipo tsiku limenelo anthu anasonkhana pakhomo pathu ngati tabweretsa mkwatibwi. Chimene palibe anatiuza n'chakuti chithunzi cha kanema wotere chimawala bwino kwa munthu amene wakhala pa mpando moyang'anana ndi pakati pa sikirini basi. Ana ndi alendo okhala pa mkeka ankaona mdima wokhawokha, mpaka tinachita kudula miyendo ya tebulo kuti kanemayo atsike, ndipo ngakhale pamenepo amene wakhala chakukhomo la kukhitchini ankangoona mbuu. Kwathu kuno anthu ambiri oonera amakhala pansi, ndiye muyambe mwawerenga mipando ya m'nyumba mwanu.

Chachiwiri ndi fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala, limene mafani a m'katimo amalikoka tsiku lonse, komanso mphemvu, zimene zinaona kuti m'bokosimo ndi mofunda n'kumangamo mudzi. Madzulo ena, nthawi ya nkhani, tinaona mthunzi wa mphemvu waukulu ngati dzanja la munthu ukuyenda pa nkhope ya wowerenga nkhani, ndipo agogo anafuula kuti tizimitse chifukwa si zabwino. Izo tinaseka. Chimene sitinaseke ndi kadontho koyera kamene kanatuluka pakona ngati nyenyezi imodzi, kenaka tiwiri, kenaka khumi, ndipo pamene mvula inkatha sikirini yonse inali ngati kumwamba usiku wa mu Julaye. Okonza anatiuza kuti kachipangizo kake kachokere kunja, pa mtengo wofanana ndi umene tinagulira kanema yenseyo. Lero ali pabalaza, pamwamba pake pali maluwa a pulasitiki ndi basiketi ya makiyi. Chikomekome cha mkuyu, bambo a Tadala, m'kati muli nyerere.

Bambo a Tadala, Kamwendo

Mayi a Chikondi, mwandiseketsa komanso mwandiopseza. Loweruka lija sindinaone kadontho kalikonse, koma n'zoona kuti maso anga anali pa mpira. A Mbewe, kodi timadontho timeneti tingaoneke bwanji tikadali tochepa, ndipo babulo ndingadziwe bwanji kuti latsala ndi moyo wotani?

A Mbewe, okonza mawailesi pa Boma

Timadontho timene mayi akunenati ndi timagalasi tija tikakakamira mbali imodzi. Kakakakamira koloza ku sikirini mumaona kadontho koyera, kakakakamira koloza kumbali mumaona kakuda, ndipo matendawa akayamba sabwerera m'mbuyo, amangowonjezeka. Pa mpira simungatione msanga chifukwa chithunzi chimathamanga. Muike pa fulashi kapena pa kompyuta zithunzi zitatu, china chakuda bii, china choyera mbee, china chotuwa, ndipo muziyang'ane chimodzichimodzi mutatseka makatani, nkhope ili pafupi ndi sikirini, kuyambira pakona mpaka pakona. Chotuwacho chimaonetsanso mabanga a fumbi limene lakhala pa magalasi a m'kati. Mutcherenso khutu kumbuyo mawu mutawatsitsa kotheratu, chifukwa kagudumu ka mitundu kakayamba kutha kamalira ngati udzudzu waukulu, mwina ngati chigayo chakutali.

Nkhani ya babu ndiyo yofunika kuikhalira pansi. Si babu ngati la padenga, koma nyali yapadera yokhala ndi mercury m'kati, imene imatentha koopsa, ndipo opanga ankalonjeza kuti ikhala maola masauzande angapo, kawirikawiri pakati pa 4,000 ndi 8,000. Tiyerekeze kuti banja lanu limaonera maola 5 pa tsiku, ndiye kuti pa chaka ndi maola oposa 1,800, ndipo babu la maola 6,000 lingakutengereni zaka zitatu ndi miyezi yochepa ngati lili latsopano. Nthawi zambiri silizima tsiku limodzi ngati kandulo, koma limafooka pang'onopang'ono, moti eni nyumba amazolowera mdimawo osazindikira, mpaka mlendo ndiye adzafunse kuti bwanji kanema wanu ali ngati kukucha. Makanema ambiri otere amasunga chiwerengero cha maola pa malo obisika a amisiri amene timalowapo ndi rimoti, koma chiwerengerocho munthu angathe kuchibweza pa ziro osasintha babu. N'chifukwa chake ine ndimadikira kuti kanema azizire, n'kumasula kachitseko ka m'mbali, n'kuliona babulo ndi maso. Likakhala ndi khungu loyera m'kati kapena kachubu kake kakatupa, latsala pang'ono.

Palinso magetsi athuwa. Mukazimitsa kanema wotere ndi rimoti, fani imapitiriza kuzungulira kanthawi kuti iziziritse babu. Magetsi akathima mwadzidzidzi fani imaima pomwepo, kutentha konse n'kutsalira m'katimo, ndipo akabwera pakangopita mphindi imodzi mwana n'kuthamangira kuyatsa, babu lotenthalo limavutika kuyaka ndipo moyo wake umafupika. Mukukumbukira mmene zinalili namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko litataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Miyezi imeneyo ndinalandira mapulojekita ndi makanema a mababu ophulika kuposa nthawi ina iliyonse. Amene akufuna kanema wotere awerengeretu mtengo wa UPS, kabokosi ka batire kamene kamapereka magetsi kwa kanthawi akathima, osati kuti aziwonera magetsi atathima, koma kuti apeze mphindi zochepa zozimitsira mwaulemu. Babu lakufalo musalitaye kudzala kumene ana amatola zoseweretsa, chifukwa mercury ndi poizoni.

Aphunzitsi opuma, Ludzi

Ndaona kuti gulu lonse lakhamukira mbali imodzi, ndiye ndiloleni ndiimire wozengedwa mlanduyu, popeza iye sangadziyankhulire. Ine ndili naye kanema wa mtundu womwewu, wa mainchesi 60, ndipo ndakhala naye zaka zambiri popanda kudandaula. Babu ndasintha kawiri, ndipo kusintha kwake ndi ntchito ya sikuludiraiva imodzi ndi mphindi khumi, moti kachiwiriko anasintha ndi mdzukulu wanga wa Fomu 2. Likalowa latsopano, chithunzi chimabwerera mwakale ngati tsiku logula, chinthu chimene kanema wopyapyala wa LED sangachite mosavuta, pakuti nyali zake zikayamba kufa mumayenera kupasula sikirini yonse, ndipo mwana akamugenda ndi supuni nkhani yathera pomwepo. Chithunzi cha kanema wa babu n'chofewa m'maso, ndipo kwa ife okalamba amene timakhala nthawi yaitali pa nkhani ndi mapemphero, zimenezi si zazing'ono.

Koma ndinene chilungamo chonse, kuti ndisakusokeretseni. Nyumba yanga ili ndi siling'i ndi makatani okhuthala, kanemayo amadya magetsi odutsa pa inveta ndi mabatire, ndimamuvundikira nsalu akazizira, ndipo mababu amanditumizira ndi mwana wanga amene ali kunja. Pa mababupo pali chinyengo chambiri, chifukwa alipo otchipa amene amafanana ndi enieni maonekedwe okha, ndipo mnzanga wina amene anagula lotere silinamuthere ngakhale nyengo imodzi ya mpira.

Ndiwonjezere za kukula, popeza masamu ndiwo ndinkaphunzitsa. Mainchesi amayezedwa mopingasa kuchokera pakona kufika pakona, ndipo inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Sikirini ya mainchesi 65 ndi yotambalala pafupifupi masentimita 144, msinkhu wake 81, ndipo bokosilo limalowa m'chipinda pafupifupi masentimita 40 kuchokera kukhoma, osawerengera mpata woti mpweya uzidutsa. Nambala ya 1080p ikutanthauza timadontho 1,920 chopingasa ndi 1,080 chotsika, pamene 720p ndi 1,280 ndi 720. Kuti diso lione ubwino wonse wa 1080p pa sikirini yotere, mpando ukhale pa mamita awiri ndi theka kapena atatu. Mukapitirira mamita anayi, kusiyana kwa 720p ndi 1080p kumasowa, ndipo mumakhala mutalipira chinthu chimene maso anu sakuchilandira. Tengani tepi muyeze pabalaza panu, bambo a Tadala, musanakwere minibasi ya pa Boma.

Achimwene a ku Joni, kwawo Waliranji

Moni nonse kumudzi. Ndawerenga zonse ndili pa ntchito ya usiku, ndipo pali mawu amodzi m'kalata ya bambo a Tadala amene sanayankhidwe, akuti kanemayo anachokera kwa mzungu wobwerera kwawo. Kwawoko ndi kuti? Ndikufunsa chifukwa makanema aakulu a DLP ambiri anapangidwira msika wa ku America, kumene magetsi a m'nyumba ndi mavoti 120 pa 60Hz, pamene ku Malawi, monganso kuno ku South Africa, ndi mavoti 230 pa 50Hz. Mukapite kuseri kwa kanemayo ndi tochi mukawerenge kapepala ka siliva. Ngati palembedwa 120V yokha, ndiye kuti penapake pansi pa tebulo pali thiransifoma yotsitsa mphamvu, ndipo tsiku limene wina adzalumikize pulagi mwachindunji pa soketi ya kukhoma mudzamva kaphokoso kamodzi ndi fungo la waya.

Vuto lalikulu kuposa limenelo ndi la chithunzi. Madikoda a kwathu kuno, kaya ndi a DStv, GOtv kapena Kiliye Kiliye, amatulutsa chithunzi cha 50Hz, kutanthauza chosintha ka 50 pa sekondi, ndipo makanema ambiri akale opangidwira ku America amakana chithunzi chotere, amangofuna cha 60Hz. Chokokera masiteshoni cha m'kati mwake nachonso n'cha njira ya ku America ya ATSC, pamene Malawi amaulutsa pa DVB-T2, choncho mlongoti wokha sungakupatseni MBC, Times kapena Zodiak. Malangizo anga ndi akuti munyamule dikoda yanu yomwe ndi chingwe chanu cha HDMI, mukalumikize pa dishi ya wogulitsayo, muone ndi maso anu. Kuno ku Johannesburg mabwana amasiya makanema oterewa panja pa geti kuti wofuna atole, ndipo anzathu ena amawakweza pa mabasi n'kulipira katundu ndi msonkho wa pa chipata zoposa mtengo wa chinthucho.

Mwini vidiyo sho, Mkanda

Akuluakulu, ine ndimadya za sikirini yaikulu, ndiye mundilole ndiponyepo mawu. Ngati chimene bambo a Tadala akufuna ndi chithunzi chachikulu, bwanji osaganizira pulojekita yoponya kuwala pakhoma kuchokera kutsogolo? Luso lake ndi lomwelo, DLP kapena LCD, koma yokha ndi yaing'ono yoti mungainyamule pa kabaza, ikupangidwabe mpaka lero, ndipo zida zake zimapezeka. Kwanga ndimaonetsa chithunzi cha mainchesi 100, chimene ndi chotambalala masentimita 221 ndi msinkhu wa 125, pa khoma limene ndinalipaka pulasitala yosalala ndi penti yoyera yosanyezimira. Penti yonyezimira musayese, chifukwa imabweza kuwala pakati ngati malata atsopano. Pulojekita yanga imakhala pa mamita atatu ndi pang'ono kuchokera kukhoma, yomangiriridwa ku phaso, ndipo ana okhala pansi kutsogolo amaona bwino lomwe ngati akuluakulu a pa benchi ya kumbuyo, kusiyana ndi zimene mayi a Chikondi anakumana nazo.

Ndinaphunzira ndi ndalama zanga zomwe. Yoyamba imene ndinagula inali katoni yokongola yolembedwa kuti imalandira 1080p, ndi nambala ya kuwala ya masauzande ambirimbiri. Nditaiyatsa, mpira unkaoneka ngati chidutswa cha sopo, ndipo anyamata anafuna ndalama zawo theka loyamba lisanathe. Pambuyo pake ndinamva kuti kulandira 1080p ndi kuonetsa 1080p ndi zinthu ziwiri. Kachipangizo ka m'kati mwake kanali ka timadontho 800 ndi 480 basi, ndipo chithunzi chabwino chikalowa inkachiphwanya kuti chikwane pamenepo. Pogula mufunse mawu akuti native resolution, amene amanena nambala yeniyeni ya timadontho timeneti, ndipo pa kuwala mufune nambala yolembedwa kuti ANSI lumens, chifukwa manambala ena aja amangolembedwa kuti katoni ioneke bwino. Ya ma ANSI lumens 3,000 imapirira kuwala pang'ono kolowera m'mazenera, koma palibe pulojekita imene ingalimbane ndi dzuwa la masana chitseko chili pululu. Kumeneko ndiye kufooka kwake. Mpira wa ku England woyamba masana Loweruka ndimaonetsa nditatseka mazenera onse ndi mabulangete, ndipo mu Okutobala pansi pa malata anthu amatuluka ngati achokera mu uvuni wa njerwa. Kasefa ka fumbi ndimakatsuka Lolemba lililonse.

Chinanso, kaya mugule chiti, musalumikize ndi chingwe chija cha mitu itatu, wachikasu, woyera ndi wofiira. Chimenecho chimanyamula mizere 576 yokha, ndipo mukaitambasula pa sikirini yaikulu nkhope za anthu zimaoneka ngati phala. Pamafunika dikoda ya HD, chingwe cha HDMI, ndi siteshoni imene ikuulutsadi mu HD.

Mayi Nabanda, Tembwe

Pepani ndilowerere, popeza kwathu amene amagula mayuniti ndi ine. Nonse mukukamba za kukongola kwa chithunzi, koma kodi zinthu zimenezi zimadya magetsi ochuluka bwanji, ndipo kwa ife amene timadalira sola zingatheke?

A Mbewe, okonza mawailesi pa Boma

Mayi Nabanda, funso lanu ndi limene ambiri amalikumbukira atagula kale. Yuniti imodzi ndi mawati 1,000 kwa ola limodzi. Kanema wa DLP wamkulu chonchi amadya mawati 200 kapena kuposerapo, ndiye maola 5 ndi yuniti imodzi, pa mwezi mayuniti 30, osawerengera dikoda, masipika ndi zimene thiransifoma imataya ngati ilipo. Pulojekita ya babu yowala bwino imafika mawati 250 mpaka 300. Kanema wa LED wa mainchesi 55 nthawi zambiri amadya pafupifupi theka la mawati a kanema wa DLP uja, ndipo mukachepetsa kuwala kwake amatsikanso, pamene babu limayaka mofanana kaya chithunzi n'cha usiku kaya cha masana. Pa sola ya panelo limodzi ndi batire limodzi, zinthu za babu muiwale, chifukwa batire likafooka pakati pa mpira inveta imadula mwadzidzidzi, ndipo tabwereranso ku vuto la fani lija.

Bambo a Tadala, Kamwendo

Abale anga, ndabwerako ku Boma madzulo ano, ndipo ndikupereka lipoti monga mwana wotumidwa. Ndinanyamula tochi, tepi, dikoda yanga, chingwe cha HDMI, ndi fulashi ya zithunzi zitatu imene Tadala anandikonzera. Wogulitsayo anandilandira bwino, ngakhale ataona chikwama changa anafunsa moseka ngati ndabwera kudzagula kapena kudzafufuza mlandu.

Achimwene a ku Joni, munalosera ngati munalipo. Pa kapepala ka siliva palembedwa 120V ndi 60Hz, ndipo kuseri kwa tebulo, pansi pa nsalu yoluka, panali thiransifoma yolemera ngati mwala wa mphero, yofunda ndithu, imene Loweruka lija sindinaione. Titalumikiza dikoda yanga ku dishi yawo, mawu sanamveke, chithunzi sichinabwere, sikirini inangokhala yabuluu ndi timawu tonena kuti sikuzindikira chimene chikulowa. Apo m'pamene bamboyo anaulula kuti mzungu uja anawasiyira kabokosi kosinthira chithunzi kuchoka pa 50Hz kupita pa 60Hz, koma kanapsa ndi mphenzi mvula yathayi, ndipo kuyambira pamenepo amaonera kudzera pa laputopu ya mwana wawo. Mpira umene unanditenga mtima uja unkachokera pa laputopu, ine n'kumayesa dishi.

Pa chithunzi choyera sindinaone kanthu. Pa chakuda, nditayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda sikirini, ndinawerenga timadontho toyera tinayi kumanzere chakumwamba, tating'ono ngati njere za therere lobala zikadali zanthete. Bamboyo anati ndi fumbi, anapukuta ndi mpango, koma tinakhalabe pomwepo. Ndinayesanso kukhala pansi monga mayi a Chikondi ananenera, ndipo zoonadi chithunzi chinada ngati mtambo wa mvula waphimba dzuwa. Babu sitinatsegule chifukwa linali lotentha, koma iwo avomera kuti chigulireni sanalisinthepo. Pomwepo anatsitsa mtengo ndisanapemphe n'komwe. Ndawauza kuti ndikayankha mawa.

Aphunzitsi opuma, Ludzi

Monga woimira wozengedwa mlandu uja, ndikuvomereza kuti umboni wandikulira. Wanga ndimamukonda, koma ndi wa mavoti 230, amalandira dikoda popanda mkhalapakati, ndipo alibe nyenyezi ngakhale imodzi. Ameneyo akufuna babu, kabokosi kosinthira chithunzi, UPS, ndipo posachedwa kachipangizo ka timagalasi, zonsezo zoitanitsa kunja pa nthawi imene ndalama zakunja zikusowa, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mukaphatikiza, theka la mtengo lija ladzaza n'kusefukira.

A Mbewe, okonza mawailesi pa Boma

Timadontho tinayi lero, pofika Khirisimasi simudzatha kutiwerenga. Kachipangizoko kamasinthika, ndinasinthapo kamodzi, koma tinadikira miyezi itatu kuti kafike, ndipo kanali kochotsedwa mu kanema wina wakufa, kopanda chitsimikizo chilichonse. Ngati bamboyo asowa womugula, muwauze kuti ine ndingatenge pa mtengo wa zida, chifukwa masipika, mafani, galasi lalikulu ndi thiransifomayo zili ndi ntchito pa benchi yanga.

Achimwene a ku Joni, kwawo Waliranji

Kuti nkhani ikhale yokwanira, mdzukulu wa makanema amenewa alipo, ndipo kuno akugulitsidwa m'masitolo. Amamutcha Laser TV, ndipo kampani imene imadziwika naye kwambiri ndi Hisense, yomwe ilinso ndi fakitale ya makanema ndi mafiriji ku Atlantis pafupi ndi Cape Town. Ndi kabokosi kokhala pa tebulo pafupi kwenikweni ndi khoma, kamene kamaponya chithunzi cha mainchesi 100 chokwera m'mwamba pa sikirini yakeyake, ndipo m'malo mwa babu muli laser imene opanga amati imakhala maola 20,000 kapena kuposerapo. Pa maola 5 pa tsiku amene a Mbewe anayerekeza aja, ndi zaka zoposa 10. Mtengo wake wokha ndi umene sindingautchule pagulu la anthu amene ndimawalemekeza, chifukwa soya wa chaka chimodzi sangaukwanitse. Sikirini yakenso imafuna khoma lowongoka bwino ndi tebulo losagwedezeka, pakuti kabokosiko kakangosuntha pang'ono chithunzi chonse chimapotoka.

Mwini vidiyo sho, Mkanda

Bambo a Tadala, musanasankhe pakati pa LED ndi pulojekita, bwerani kuno ku Mkanda Loweruka. Mufike masana muone mmene chithunzi chimaonekera dzuwa likadalipo, ndipo mukhale mpaka mpira wa madzulo kuti muone kusiyana kwake. Pakhomo simulipira. Mubwere ndi miyeso ya khoma lanu ndi kutalika kwa chipinda, ndiponso mundiuze kumene kwaloza mazenera.

Bambo a Tadala, Kamwendo

Ndayeza usiku womwe uno. Pabalaza pathu ndi mamita anayi m'litali ndi atatu ndi theka m'lifupi, mulibe siling'i, ndipo zenera lalikulu laloza kumadzulo, moyang'anana ndi khoma lokhalo lopanda chitseko, kutanthauza kuti dzuwa la madzulo limagwera pomwe pangakhale chithunzi. Wogulitsa uja anaimba foni m'mawa uno atatsitsanso mtengo kachiwiri, koma foniyo anayankha ndi mayi a Tadala ine ndili kubafa, ndipo anawathokoza mwaulemu n'kuwapatsa uthenga wa a Mbewe wa zida uja. Iwo akuti maganizo awo ali pa LED wa mainchesi 55, chifukwa amaonera masana akamasenda mtedza, ndipo sakufuna kukhala mu mdima wa mabulangete. Ine mtima ukadali pa mainchesi 100. Tagwirizana kuti Loweruka tibwera tonse awiri ku Mkanda, ndipo ndalama ya soya ikhala kaye m'manja mwawo. Achimwene a vidiyo sho, mutisungire malo awiri pa benchi ya pakati, komanso malo amodzi pansi kutsogolo, chifukwa Tadala akuti akufuna kuyesa yekha nkhani ya pa mkeka ija.